Mudzi wopanda nkhuku

Ine sindinaname ayi. Ndinangonena zimene ndinaona, n'kuthirako kamchere pang'ono.

Unali mwezi wa Seputembala, nthawi yolemba maina a olandira makuponi a feteleza. Kwathu ku Kaluluma nyengo imeneyo aliyense amasanduka mmphawi, chifukwa akakuona uli ndi kanthu amakudumpha. Ndiye ndikuchokera kusukulu ndinaona galimoto yoyera pasitolo ya a Jafar, mukutsika mayi wamagalasi, kabuku kali m'manja. Anafunsa a Jafar kuti khomo lililonse kuno limakhala ndi nkhuku zingati. Ine liwiro kumjigo, kukauza amayi onse kuti boma latumiza wowerenga ziweto, ndipo wopezeka ndi nkhuku aiwale za kuponi.

Kenaka tinadzamva kuti anali a Lefina Chavula, dokotala wa ziweto. Aphunzitsi athu a sayansi anati mayiwa atha zaka khumi ndi zisanu akufufuza chitopa, matenda aja amapulula nkhuku nyengo yotentha, ndipo zimene amalemba zimawerengedwa mpaka ku Kenya. Akuti ophunzira a kukoleji akamalemba zawo amawatchula dzina pafupifupi tsamba lililonse. Ine ndinawamvera chisoni, kunenedwa chotero ndi anthu osawadziwa n'komwe. Anabwera kudzayesa katemera wodontheza m'diso, ndipo ankafunika kudziwa kuti nkhuku iliyonse ndi ya khomo liti kuti azidzaiona mwezi ndi mwezi. Popanda zimenezo kafukufuku wawo wa chaka chimenecho akanafera pomwepo. Koma aphunzitsi ananena mochedwa, zanga zitazungulira kale mudzi wonse.

Amayi anavundikira nkhuku zathu m'madengu kuseri kwa chigafa cha fodya. Adokotala atafika, anawayalira mphasa n'kuwauza ndi nkhope yachisoni kuti nkhuku yomaliza inapita ndi kabawi. Adokotala anayang'ana zitosi zimene zinali mbwee pabwalo, zina zikadali zonyowa, n'kunena kuti kabawi wa kuno ndi waulemu, amasiyako chikumbutso. Anayenda makomo makumi anayi, konse kabawi yemweyo.

A Jafar ndiwo anandiulula. Dzuwa litapendeka adokotala anandiitanira kugalimoto.

"Iwe ndiwe Maliya? Pepala langa loyamba linatenga zaka zitatu kuti anthu makumi anayi aliwerenge. Iwe masana amodzi okha."

Anandinong'oneza kuti chitopa chafika kale mudzi wa patsidya, katemera sachedwa kuwonongeka ndi kutentha, ndipo mawa masana apita naye ku Santhe. Anati ndisauze munthu. Ndinangouza atatu basi.

M'mawa mwake pansi pa mtengo wa mango panali madengu okhaokha, kulira kwa nkhuku kumamveka mpaka kumsewu. Koma wovomera kuti ndi mwini wake panalibe. Amayi ndiwo anayambitsa. Anati si zawo, amangowasungira a Lameki. A Lameki ndi bambo wa ngolo ndi ng'ombe ziwiri, kuponi anawamana kalekale, ndiye analibe choti ataye. Ena onse anangotsatira: za a Lameki, za a Lameki. Adokotala ankadontheza mankhwala, kumanga kachingwe ka nambala kumwendo, n'kulemba. Pofika teni koloko a Lameki anali ndi nkhuku 312, iwo eni ali kudambo osadziwa kanthu. Kabuku kotero kanalibe ntchito, ndipo ndinaona adokotala akupukuta thukuta, nthabwala zitawathera.

Posakhalitsa a Lameki anatulukira ndi ngolo yawo. Adokotala anawaimitsa, kuwagwira chanza ndi manja awiri, n'kuwayamikira pamaso pa onse kuti pa ntchito yawo yonse sanaonepo mlimi wa nkhuku ngati iwo. Anawawerengera nambala ija. A Lameki anayang'ana madengu, anayang'ana anthu, anthu n'kuyang'ana pansi. Ndiye anavula chipewa, n'kuthokoza mudzi wonse powasungira, kuti mwatopa nazo abale anga, lero ndizitenga ndekha poti ngolo ilipo. Anayamba ndi tambala wathu wofiira, kumuyesa kulemera m'manja.

"Uyu ndi wa Lamulungu lino, kukubwera apongozi."

Tambala atafika pangolo, amayi analephera kupirira.

"A Lameki, mutsitseni ameneyo. Ndi wanga, ndinamulera ndi madeya anga."

"Nanga mathadziwa, mayi?"

"Anganso. Zonse khumi ndi zinayi. Lembani adokotala, Fainala, khomo la kuseri kwa tchalitchi."

Apo ndiye chipwirikiti, aliyense kukumbatira dengu lake uku akutchula dzina ndi khomo, ena mpaka kuwonjezera anapiye amene anatsala kunyumba. Adokotala anatsegula tsamba latsopano n'kulemba mothamanga mpaka bolopeni yawo inatha inki. Anabwereka yanga ya kusukulu, ndipo mpaka lero sanabweze.