Ngowe Yokoleka Pachifuwa

Kosi ya chitetezo cha pantchito inali ya masiku asanu, ndipo kampani inatumizako munthu mmodzi yekha, mmisiri womanga amene anzake ankamutcha Waya chifukwa cha kuonda. Kapitawo wakale anali atapuma pantchito. Wolowa m'malo mwake ankayenera kukhala ndi satifiketi, apo ayi kampani ikanabweretsa munthu wa kwina.

Ankaphunzirira m'chipinda cha pamwamba pa shopu ya penti. Munali mipando yapulasitiki khumi ndi iwiri ndi fani yomwe inkazungulira ngati akuchita kuikakamiza. Mphunzitsi ankaonetsa zithunzi pakhoma: dzenje lopanda mpanda, makwerero oimikidwa pa njerwa, munthu akudula chitsulo opanda magalasi. Chithunzi chilichonse funso linali lomwelo. "Mwaona chiyani, ndipo mutani?"

Akaweruka cha m'ma folo, Waya sankapita kunyumba. Ankadzera kumalo a ntchito, n'kulowa m'kontena yosungiramo zida, ati kukabweza tepi yoyezera. Tepiyo anali ataibwereka ndi kuibweza kwa miyezi isanu ndi iwiri. Wosunga zida anali mtsikana wa mawu otsika, mwana wa mmisiri wamkulu wa pamalopo amene aliyense ankangomuti Madala. Za awiriwa panalibe ankadziwa. Anali atapangana kuti satifiketi ikatuluka, Waya akaonekera kwa bambo ake a mtsikanayo.

Mtsikanayo ankakhala pa chigubu cha penti, buku la kosi lili pamiyendo, zipewa zolimba zitapachikidwa mumzere pamwamba pa mutu wake.

"Makwerero apitirire pofikira ndi mtunda wotani?"

"Mita imodzi."

"Dzenje likayamba kugumuka m'mbali, choyamba n'chiyani?"

Maso a Waya anali kwina. Kuwala kolowera pachitseko kunali kutagwera pa khutu la mtsikanayo, pomwe panali kandolo kakang'ono.

"Ndikufunsa za dzenje, iwe ukuyang'ana khutu."

"Dzenjelo ndinagweramo kalekale."

"Ukalephera ndikwatiwa ndi wa kwinayo. Mwina ndi wonenepako."

"Kutulutsa anthu onse. Kenako kutchinga."

Lachinayi mtsikanayo anatseka buku mafunso asanathe. Mawa lake m'mawa kunali mayeso olemba, ndipo masana woyesa ankabwera kudzayenda ndi wophunzira aliyense pamalo ake a ntchito.

"Pali nkhani ya bambo," anatero.

Waya ankaidziwa. Aliyense ankaidziwa. Wogwira ntchito pamwamba amavala malamba okhala ndi chingwe, kumapeto kwa chingwecho kuli ngowe yachitsulo yokoleka ku paipi ya nsanja, kuti munthu akaterereka alendewere m'malo mogwa. Madala malambawo ankavala bwinobwino, koma ngoweyo ankaikoleka pa mphete ya pachifuwa pawo pomwe. Ankati chingwe chimawakola miyendo. Woyang'ana ali pansi ankaona munthu womangirira, chonsecho anali atadzimangirira kwa iwo eni. Kapitawo wakale anakhala zaka zisanu ndi zinayi akuyang'ana kumbali.

"Ndawapempha kuti mawa lokha akoleke ku paipi. Akuti zaka makumi atatu sanagwepo, ndiye ana obadwa dzana asawaphunzitse kukwera."

"Ndiye nditani?"

"Usayang'ane kumwamba. Ukawachititsa manyazi pagulu, pakhomo pathu sudzapondapo. Ndimawadziwa."

Mayeso olemba anayenda bwino. Woyesa anafika dzuwa litapendeka pang'ono. Anali mayi wamfupi wa nsapato zazikulu, atagwira bolodi lokhala ndi pepala, ndipo anangonena kuti, "Tsogolani. Ine sindilankhula."

Waya anatsogola. Anapeza waya wamagetsi atagona m'chithaphwi, nazimitsa magetsi n'kumupachika. Anapeza matabwa okhala ndi misomali yoloza kumwamba pafupi ndi njira ya mawilibala. Anabweza woyendetsa galimoto ya mchenga amene anatsika atavala patapata. Mayiyo ankalemba osadzutsa nkhope.

Anakhotera kuseri kwa nyumbayo, komwe nsanja ya mapaipi ndi matabwa inkafika pa chipinda chachitatu kupita m'mwamba. Madala anali pamwamba penipeni, akuyala njerwa za pakona. Mayiyo anaika dzanja pachipumi, anayang'ana kanthawi, analemba kena kake, n'kuyamba kuyenda kulowera ku makina osakanizira simenti. Kunali kutatsala kona imodzi kuti mayeso athe.

Waya anayenda mapazi atatu pambuyo pake, kenako anaima. Pamwamba paja Madala anabwerera chafutambuyo kuti aone ngati mzere wawongoka, chidendene chawo n'kufika m'mphepete mwa thabwa. Anaima pomwepo, akupendeketsa mutu, kenako anabwerera ku khoma lawo.

"Mayi, mundidikireko."

Sanakuwe ali pansi. Anavala malamba, anakwera makwerero atatu, n'kukoleka ngowe yake ku paipi pafupi ndi ndowa ya matope.

"Madala, ntchito iime kaye."

"Wanena ndani?"

"Ine."

Madala anapala matope ndi mpeni wawo womangira, osatembenuka. "Unabwera pano usakudziwa kuti njerwa ili ndi kumaso ndi kumbuyo. Ndinakugwira dzanja ndine. Masiku anayi okhala pa mpando wapulasitiki, lero wasanduka boma?"

"Ngowe yanu ili pachifuwa, bambo."

"Ili pomwe imakhala."

"Ndikupempha muikoleke ku paipi."

"Tsika, mlendo wako akudikira. Sanaone kanthu. Upita kukalandira pepala lako, ine ndimaliza kona yanga, tonse tigona bwino."

Waya anakankhira ndowa ya matope kumbuyo kwake, n'kukhala pansi pa thabwa, pakati pa mkuluyo ndi ndowayo.

"Sinditsika. Ngati n'kulephera, ndilepherera pompano."

Pansi makina a simenti anali atazima. Anthu anaimika mawilibala, ena atavula zipewa kuti aone bwino. Patali, pachitseko cha kontena, panaima munthu mmodzi atagwira chitseko ndi manja onse awiri. Waya sanayang'anekonso kachiwiri.

"Matope akuuma," anatero Madala.

"Akuumadi."

Panapita nthawi yokwana kusuta ndudu theka. Kenako Madala anamasula ngowe pachifuwa, anaiyang'ana ngati chinthu chotola pamsewu, n'kuimenyetsa ku paipi. Kulira kwake kunamveka mpaka pansi. Wina anayamba kuseka, mnzake n'kumugunda ndi chigongono.

"Bweretsa ndowa yanga. Ndipo uchoke pamaso panga."

Atatsika, mayi uja anali atatsamira mulu wa njerwa, akumalizitsa kulemba.

"Ngowe ija ndinaiona," anatero. "Amisiri akale ambiri amatero. Dzulo ndinali pamalo ena, wophunzira wake anafika pansi pa nsanja n'kuyamba kuyang'ana nsapato zake." Anasaina m'munsi mwa pepala. "Mwakhoza. Satifiketi mukatenge Lachitatu. Koma munachedwa ndi mapazi atatu."

Satifiketi inabwera mu envulopu yakhaki, pamodzi ndi chipewa choyera cha kapitawo. Waya anaiika pansi pa matiresi. Madala anasiya kumulankhula. Akafuna kanthu ankauza aliyense amene ali pafupi kuti, "Muuzeni kapitawo wanu mchenga watha," Waya ali chiimire pomwepo. Ngowe ankaikoleka ku paipi tsiku lililonse, mwaphokoso, kuti aliyense amve.

Mtsikana uja ankapereka zida pawindo la kontena osakweza maso. Kamodzi kokha, popereka magolovesi, ananong'ona kuti kunyumba bambo ake sakutchula dzina la Waya ngakhale molakwitsa, ndipo iye sakudziwa ngati zimenezo n'zabwino kapena zoipa. Waya anayenda masabata awiri ndi mawu amene anakonza kukanena kwa mkuluyo. Ankawabwereza m'basi, posamba, poyeza maenje, mpaka anafika posamveka ngati mawu.

Lachisanu lina m'mawa anakwera nsanja kukaona ngati matabwa ali omangidwa bwino anthu asanayambe ntchito. Anapeza Madala atafika kale, akukoka chingwe cha mzere. Panalibe munthu wina woti n'kutumidwa uthenga. Waya anagwedeza paipi imodzi, kenako ina, akufuna kudutsa mwakachetechete.

"Mwana wanga sakudya," anatero Madala, maso ali pa chingwe. "Mayi ake akuti ndi malungo. Ine ndikuti si malungo. Vuto ndiwe?"

Waya anagwira paipi.

"Ndine, bambo."

"Kuyambira liti?"

"Miyezi isanu ndi itatu tsopano."

Madala anatenga njerwa, anaitembenuza, anaipaka matope, n'kuikhazika. Anaigogoda kawiri ndi chigwiriro cha mpeni, n'kupala matope otuluka m'mbali.

"Munthu wouma mutu ngati iwe sindinamuonepo. M'nyumba mwanga ouma mutu tikhalamo awiri tsopano." Anatenga njerwa ina. "Lamlungu masana ndimakhala pakhomo. Usabwere ndi fumbi m'makutu. Tsopano tsika, uwauze anthu ako akweze njerwa, zatsala zisanu ndi imodzi."