Nyenje za M'mutu mwa Bambo a Emelia

Amuna anga, a Laxon Mvula, anali ndi khadi la mpingo lomwe anabwera nalo kuchokera kwathu ku Dedza. Ankalisunga m'chitini cha tiyi pamodzi ndi chitupa. Kuno ku Halale tilibe manda a makolo, tilibe malume woti n'kuyendetsa maliro. Abale athu ndi mpingo. Ukafa ulibe khadi amangokukwirira kuseri kwa mabalani oumitsira fodya, popanda nyimbo, popanda pemphero. Iwo ankakonda kunena kuti, “Mai a Emelia, chitupa chikatayika n'cha mzungu. Ili likatayika ndatayika ndine.”

Khadilo anawalanda chifukwa cha nyenje.

M'chaka cha 1955, Chitaganya chili ndi zaka ziwiri, mzungu wa famu yathu ya fodya kufupi ndi Darwendale anafuna damu. Amuna anga anawaika m'gulu lophulitsa miyala ndi dayinamaiti. Tsiku lina moto unathamanga pachingwe, dayinamaiti n'kuphulika iwo asanafike kuseri kwa chulu kumene anzawo anabisala. Sanavulale. Anadzuka, kusasa fumbi, foromani kuwaseka, basi kubwerera pantchito. Madzulo ndikuwapatsa madzi osamba m'manja anati, “Nyenje zimenezi zafulumira bwanji chaka chino?”

Unali mwezi wa Juni. Nyenje mu Juni?

Sizinalekenso kulira. Zaka zisanu ndi chimodzi, usana ndi usiku, tswiii m'makutu onse awiri.

Poyamba tinkaziseka. Kwathu amati khutu likalira ndiye kuti wina akukutchula, ndipo ukatchula dzina la mwini wakeyo limaleka. Anatchula amai awo, alongo awo onse anayi, mpaka amalume omwe anakangana nawo za mbuzi. Ine ndinati, “Tchulani mkazi amene munamusiya kumudzi osandiuza.” Anaseka mpaka kutsokomola.

Ndinawadonthezera mafuta a nsatsi. Ndinawadonthezera mafuta a nkhuku otenthetsa pasupuni. Anapalasa njinga yobwereka mpaka kukiliniki, munthu wa kumeneko anaunika ndi tochi n'kuti, “Mulibe kanthu umu, madala,” n'kuwapatsa mapilisi awiri a mutu. Mulibe kanthu! Munthu akutafuna bulangete ngati mbuzi, iwe ukuti mulibe kanthu.

Anadzipezera okha njira. Anazindikira kuti pakakhala phokoso lalikulu nyenjezo zimabwerera m'mbuyo. Lachisanu, pogaya ufa wa poso wogawira antchito, ankadya nkhomaliro atatsamira khoma la chigayo. Masiku ena ankakhala pafupi ndi injini yopopa madzi. Pantchito ankapempha kuyenda pambuyo pa thirakitala, malo amene aliyense ankawakana chifukwa cha fumbi. Anthu ankati a Mvula ndi akhama. Sikunali khama.

Tsiku loipa linali Lamulungu. Chigayo chotseka, thirakitala m'shedi, injini yozima. M'tchalitchi chathu cha udzu ankaimba mokuwa ndi mawu awo aja onga khasu pamwala, ndipo nyimbo ikatha ndinkawaona akufinya chibakera pabondo mpaka ulaliki kutha. Masana komboni yonse ili duu, iwo atagwira mutu pakhonde. Supuni ikagwa ankandikalipira. Sanali munthu wokalipa.

Kenaka anayamba kusowa Lamulungu masana. Ankabwera dzuwa litapendeka, nkhope yosalala, n'kudya sadza yonse. Mkazi aliyense akudziwa chimene chimasalalitsa nkhope ya mwamuna. Lamulungu lachitatu ndinawatsatira.

Komboni yathu ili pawiri. Kumtunda tikukhala ife a mpingo. Kumunsi, kufupi ndi mabulugamu, kukukhala anthu a gule wamkulu, Achewa anzathu omwe, ena ochokera mudzi umodzi ndi ife. Pantchito timamwera chikho chimodzi, koma wa mpingo saponda pabwalo lawo. Ndiko kumene miyendo ya amuna anga inalowera.

Ndinaima kuseri kwa mtengo. Zilombo zikuvina, fumbi koboo, amai akuomba m'manja. Amuna anga anali atakhala pansi kumbuyo kwa oimba ng'oma, zilombo atazifulatira, mutu wawo pafupifupi kugunda ng'oma ya a Saturday, mkulu woimba mbalule. Jekete la kutchalitchi lili mbuu. Maso otseka, kukamwa yasa. Anali m'tulo.

Atabwera kunyumba ndinawalandira ndi moto.

“Bambo a Emelia, mwayamba liti za akunja?”

“Sindiona kanthu kumeneko. Ndimatsinzina.”

“Mumatsinzina! Munthu wodya mgonero kukagona pagule ngati chidakwa?”

“Ng'oma ikalira nyenje zimakhala chete,” anatero. “Ndi pokhapo pamene ndimagona, mai a Emelia. Sabata yonse ndimadikira tulo timeneto.”

“Nanga akakuonani?”

Lamulungu lotsatira anapitanso.

Apa ndi pamene ndinalakwa ine, ndipo sindibisa. Ndinkaopa khadi lija. Tsiku lina m'shedi yosankhira fodya, tikumanga ndindi, ndinauza Edina, mkazi wa a Pearson, mkulu wa mpingo wathu. Ndinati, “Anzanga, uzani abambo akalankhule nawo paokha, mwakachetechete.” Ndinkafuna awalangize. Mulungu akundimva, ndinkafuna awalangize basi.

Edina anati, “Musadandaule, mai Mvula, zimenezi n'zazing'ono.”

Lamulungu mapemphero atatha a Pearson anati anthu asatuluke. Anaika mpando umodzi kutsogolo n'kuitana amuna anga.

“Mbale Mvula, kodi munameta kugule?”

“Sindinamete.”

“Munavina?”

“Ndi miyendo iti, a Pearson?”

Ena anaseka. A Pearson sanaseke.

“Nanga mumakatani kumeneko Lamulungu lililonse?”

Ine pabenchi ya amai ndinkapemphera kuti aname. Akanati amakamwa mowa, chilango chake n'cha miyezi itatu. Akanati kuli mkazi, ndikanawakhululukira pomwepo pamaso pa anthu. Koma a Laxon bodza sankalitha.

“Muli chinthu m'mutu mwangamu,” anatero, “chimene chimalira usana ndi usiku. Mankhwala sichimva. Pemphero ndapemphera. Koma chikamva ng'oma chimakhala chete, ine n'kugona.”

M'tchalitchi munazizira. Amai ena anakokera ana awo pafupi.

A Pearson anatseka buku lawo pang'onopang'ono. “Abale, mwamva nokha. Chinthu chokhala mwa munthu, chokana pemphero, chomvera ng'oma. Anzathu Achishona amati shave. Ife dzina lake tikulidziwa, ndi chiwanda.”

Ndinaimirira. “Ndi dayinamaiti, inu! A Pearson, munalipo tsiku lija, munali kuseri kwa chulu chomwecho mutagwira chipewa!”

“Mai, khalani pansi. Akazi salankhula pamlandu.”

“Mlanduwu waubweretsa ndani ngati si mkazi wanu?”

“Khalani pansi, mai a Emelia,” anatero amuna anga, osandiyang'ana. Apo ndi pamene anadziwira kumene nkhani inachokera. Sanandifunsepo mpaka imfa yawo. Bola akanandimenya.

Anagamula kuti akhale kunja chaka chathunthu. Khadi apereke. Azibwera kutchalitchi koma azikhala benchi ya kumbuyo, mgonero asadye, pabwalo la gule asapondenso. Akapirira, abusa akadzabwera kuchokera ku Sozibele pa Pasaka ya chaka chamawa adzawabwezera. Anatsegula okha chitini cha tiyi n'kukapereka khadilo ndi manja awiri.

Ndipo anapirira. Munthu uja anapirira, inu.

Ng'oma zikayamba kumunsi zinkangomveka pang'ono kwathu, osakwana kuphimba nyenje, kungokwana kuwakumbutsa. Ankakhala m'nyumba atatseka chitseko. Ndinayesa kusinja chimanga pafupi ndi khoma kuti amve mtondo. Edina anabwera kudzandiuza kuti pa Sabata sasinja. Ndinayesa kumenya ndowa ndi chipande m'kati mwa nyumba. Anandigwira dzanja.

“Lekani. Anena kuti talowetsa ng'oma m'nyumba.”

“Anene! Pakamwa ndi pawo.”

“Khadi ndi langa,” anatero.

Anaonda. Thalauza ankamanga ndi luzi. Maso anafiira ngati wosuta chamba, ndipo nthawi zina ndinkawalankhula katatu asanatembenuke. Tsiku lina a Saturday anatipeza pachitsime. Anavula chipewa n'kuti, “Achimwene, malo anu aja alipobe. Ife sitikufuna kuti mumete. Mungobwera mudzagone, tidzakubisani ndi chiguduli.”

Amuna anga anamwetulira. “Zikomo, achimwene. Kwatsala miyezi inayi.”

“Miyezi inayi osagona? Ngakhale bulu amagwa.”

“Ndiye ine si bulu,” anatero, n'kusenza ndowa yanga.

Mu Malichi wa 1961 tinali pakati pothyola fodya. Nthawi imeneyo palibe mwamuna woyenda pambuyo pa thirakitala, onse amalowa m'mabalani kupachika mikangala, timitengo tomangirirapo fodya. Balani ndi lalitali ngati nyumba zitatu zosanjikiza, ndipo munthu amaima atatangadza pamitengo iwiri, kulandira mkangala kuchokera pansi n'kupereka m'mwamba. Amuna anga anali pamwamba penipeni. Amene anali pansi pawo akuti anawapatsira mkangala, iwo osaulandira. Anangoima, maso otseka. Kenaka anapendekeka.

Anabwera nawo atawagoneka pachitseko. Khosi linali litathyoka. Dzuwa lisanalowe anali atapita. Kunali kutatsala masabata atatu kuti Pasaka ifike.

M'mawa mwake ndinapita kwa a Pearson. Ndinagwada pakhomo pawo, ine amene sindigwadira munthu.

“Abambo, ndabwera kudzapempha nyimbo.”

“Mai Mvula, pepani ndi zovutazi. Koma mbale wathu wafa ali kunja.”

“Kwatsala masabata atatu.”

“Ndikudziwa.”

“Chaka chonse munkawaona pabenchi ya kumbuyo. Anajombapo? Anapondapo kumunsi kuja?”

“Sanaponde. Koma wobwezera munthu ndi abusa, si ine. Tikaimbira awa, mawa aliyense athamangira kugule n'kumati khutu likundiwawa.”

“Nyimbo imodzi. Vesi limodzi lokha.”

“Lamulo sindinalembe ndine, mai.”

Ndinadzuka, kusasa maondo. Ndinawauza kuti tsiku limene adzafe iwo ndidzabwera ndi mtondo wanga kudzasinja pamaliro pawo. Ndinawauza zinanso zimene sindingalembe. Edina anali pakhomo la khitchini atagwira mphika, maso pansi.

Manda anakumba ndi anthu a kumunsi, chifukwa a kumtunda ankaopa kufunsidwa. Mzungu anapereka matabwa a makasi akale opakiramo fodya, n'kutipatsa nthawi ya nkhomaliro yokha kuti tiike maliro. Bokosi lisanatuluke a Saturday anandiitanira pambali.

“Alamu, gule sangatuluke, chifukwa malemuwa sanamete. Nafenso tili ndi malamulo athu. Koma ng'oma imodzi ndikhoza kuwaimbira ine ndekha, popita kumanda. Ankaikonda.”

Ndinayang'ana bokosi lija. Ndinati, “Chaka chonse azunzika kuti asaimve. Ndiwapatse lero, anthu anene kuti a Pearson ananena zoona?”

“Mwini maliro ndinu,” anatero a Saturday.

Ndinakana. Mpaka lero sindidziwa ngati ndinawachitira zabwino kapena ndinawamananso kachiwiri.

Tinawanyamula dzuwa lili paliwombo. Mwana wathu Emelia, amene anakwatiwa ku Norton, uthenga unamupeza mochedwa. A mpingo anabwera ndithu, amai atavala zoyera zawo, koma anaima patali pansi pa bulugamu, milomo yotseka. A gule anaima mbali inayo ndi mafosholo. Palibe anapemphera mokweza. Ndinkamva dothi likugwa pamatabwa, fosholo iliyonse payokha. Munthu amene ankaopa chete kuposa njoka tinamuika mu chete woteroyo. Asanamalize kuumba mtumbira simbi, chitsulo choitanira anthu kuntchito, inalira, anthu onse n'kubalalika kubwerera kufodya.

Patatha masabata awiri Edina anabwera ndi kambale ka muriwo, ndiwo zamasamba. Anakhala pamphepete pa mphasa n'kuti, “Abambo akuti mawu aja akhululuka, munali pachisoni. Khadi lanu lilibe mlandu. Mubwere ku mgonero wa Pasaka.”

Ndinafuna kumuthira muriwowo kumaso. Ndinaulandira.

Ndine mkazi wamasiye wa ku Dedza. Ndimasankha fodya kuti asanditulutse m'komboni, ndipo kwathu ndinachoka ndili mtsikana, palibe angandidziwe. Ndaona ndi maso anga mmene amaikira munthu wopanda mpingo. Pa Pasaka ndinavala zoyera n'kupita. Abusa anabwera pamthuthuthu wawo, anawerenga maina a obwezeredwa, anali awiri. Mkate ndinalandira m'mbale imene ananyamula a Pearson.

Ndimapita Lamulungu lililonse. Ndimakhala benchi yachitatu, pafupi ndi Edina. Akayambitsa nyimbo ndimaimirira pamodzi ndi onse, buku lotsegula m'manja. Edina amandigunda ndi chigongono n'kundilozera vesi. Ndimamuyang'ana mpaka atachotsa chala chake.