Mzere wa Mbalame

Gaëtan anaika tcheni patebulo, pakati pa buledi ndi kapu ya khofi, ngati kuti nacho n'chakudya cha m'mawa.

"Chotsa chitsulo chakocho, ukundidetsera nsalu," anatero mayi ake, a Odile, osadzutsa n'komwe maso.

"Ndikupita nacho kumunda pompano, amayi. Ndangodzera loko."

Linali tsiku lachitatu chiikireni bambo ake, a Firmin, m'manda. Maluwa a pamaliro anali asanafote, koma kalata ya kwa meya inali itafika kale, poti maofesi sadziwa kulira. Nkhani yake inali ya njira ya timiyala yodutsa m'munda wawo wa mphesa, kuchokera pachitunda kutsikira kumtsinje wa Loire. Kwa zaka khumi ndi ziwiri njirayo inali pamapu a anthu okwera njinga, mwa chilolezo cha a Firmin. Tsopano mwini wake kunalibe. Ana awo awiri akapanda kusaina onse pofika Lachisanu, njirayo ifufutidwa pamapu, ndipo anjinga azikalimbana ndi malole kumsewu wa phula.

Maëlle, mlongo wake wamng'ono, anali atasaina kale. Ameneyo ndi namwino ku Angers, ndipo ngakhale kumaliro anabwera pasitima ali ndi njinga yake ya matayala onenepa.

"Ndiye watsimikiza ndithu, achimwene?" anafunsa Maëlle akupaka batala. "Utseka njira chifukwa cha fumbi?"

"Fumbi, mabotolo otayidwa, kuba. Chaka chatha wina anangotsala pang'ono kulowa pansi pa thirakitala. Iwe umabwera Lamlungu n'kumati kuno n'kokongola. Ine ndimakhala kuno."

"Ababa anasaina."

"Anachita kuwakakamiza meya wakale uja! Unawamvapo ababa akuwayankhula bwino anthu akowo? Tsiku lililonse, 'Akuba inu! Anyani ovala zothina!' Mudzi wonse umadziwa." Anakankhira kapu ya khofi pambali. "Afera pomwepo, m'mphepete mwa njira yomweyo. Ukuganiza ankatani? Ankakalipira anthu, mtima n'kuima."

"Amene anawapeza n'kuitana ambulansi ndi wapanjinganso," anatero Maëlle motsitsa mawu.

"Zikomo kwa iyeyo. Sizibweza munthu."

A Odile anatola nyenyeswa za buledi ndi chala, imodziimodzi. Anakhala ndi a Firmin zaka makumi anayi kudza zisanu ndi ziwiri, ndipo anali ataphunzira kuti mwamuna wa banja limenelo sumuuza chinthu, amafuna achite kupunthwa nacho yekha.

"Galimoto ndiifuna ine, ndikupita kumanda," anatero. "Tenga njinga ya mlongo wakoyo."

"Ine panjinga? Ndi mimba imeneyi?"

"Siiphulika," anatero Maëlle. "Njingayo ndikunena."

Gaëtan sanaseke, koma sanakanenso. Anakulunga tcheni m'chikwama, n'kuchibereka kumsana.

Anali atatha zaka pafupifupi makumi atatu osakhala pachishalo cha njinga. Kumunda ankapita pa thirakitala, kulowera chipata cha kumbuyo, ndipo njira ya timiyalayo ankangoidutsa mopingasa. Pachitunda anatsika n'kuyamba kukankha njinga, akutukwana chamumtima, thukuta lili chuchuchu. Anthu awiri okalamba kuposa iye anamupitirira akupalasa mosavutika, n'kumupatsa moni wansangala. Moniwo unamuwawa kuposa chitundacho.

Pamwamba anaima kuti apume. Mizere ya mpesa inali itatsetsereka mpaka kumtsinje, masamba atayamba kuchita chikasu m'mbali. Kukolola kunali kutatsala milungu iwiri, koyamba kopanda bambo ake. Maganizo amenewo anamulemera kuposa tcheni chija. Ankakangana nawo pa chilichonse, tsiku lodulira, tsiku lothyola, ngakhale kamangidwe ka waya, ndipo tsopano analibe womutsutsa. Anaona kuti kukhala wolondola pawekha n'kosakoma.

Mkangano wawo waukulu unali wa mzere womaliza, woyang'anizana ndi njira. Munda wonse unali wa mphesa za vinyo, zomangidwa pawaya wofika m'chiuno. Koma mzere umenewo a Firmin anabzalamo mphesa zodya, zimene sizilowa mumgolo, ndipo waya wake anaukweza mpaka pachifuwa, moti makina okololera sankatha kudutsamo. Chaka chilichonse ankathothola masamba a mbali ya kunjira, kumene kumawomba dzuwa la masana, pomwe mlimi aliyense amadziwa kuti masamba umachotsa mbali ya dzuwa la m'mawa kuti zipatso zisapserere.

"Ababa, mzere uwu ndi wa chiyani?" anawafunsapo Gaëtan tsiku lina.

"Wa mbalame. Zikadya apa, sizilowa m'katimo."

"Nanga wayayu?"

"Mbalame zake n'zazitali. Usandivute."

Gaëtan anali atatsimikiza kale kuti nyengo yozizira ikafika, mzerewo auzula.

Anakweranso njinga n'kuyamba kutsika. Timiyala tinkalira pansi pa matayala, mphepo ikulowa m'malaya, ndipo kwa kanthawi kochepa anaiwala kuti wakwiya. Pamene munda wawo umayambira, njira imaleka kutsetsereka n'kukhala yathyathyathya, njinga imachepetsa yokha liwiro. Mpomwe mzere wa mbalame umayambira.

Phava la mphesa linamukhudza pachigongono.

Sanawerame, sanaime. Anangochotsa dzanja pachiwongolero, ndipo mphesazo zinali m'manja mwake, zofunda ndi dzuwa. Patsogolo panali phava lina, kenako lina, onse atalendewera poyera, pamsinkhu womwewo, ngati munthu wakonza katundu pashelefu. Munthu woima pansi angaone waya wokwera mopusa. Munthu wokhala pachishalo amaona mphesa zikumudikira.

Anagwira mabuleki mwamphamvu mpaka tayala lakumbuyo linakhwekhwereza.

Anaima pomwepo, njinga ili pakati pa miyendo, mphesa zikudontha madzi m'zala. Zaka khumi ndi ziwiri! Anawerenga chamumtima: mzerewo unabzalidwa chaka chomwe bambo ake anasaina kalata ya meya. Anakumbukira mmene ankakuwira, "Akuba inu!" ndipo kwa nthawi yoyamba anamva mawu otsatira, amene ankawamva tsiku lililonse osawamvetsa: "Zosapsazo mukuzitengeranji? Zakupsa zili kumunsi uko, maso mulibe?"

Manyazi anamugwira, kenako chisoni, chachikulu kuposa cha kumanda. Kumanda analirira munthu amene ankamudziwa. Apa panali wina, amene anagwira naye ntchito moyo wonse osamuona.

Anakankha njinga pang'onopang'ono motsata mzerewo. Chapakati, mphesa zinasiya kuoneka. Kuyambira pamenepo mpaka kumunsi masamba anali thithithi, osakhudzidwa. Pansi panali masamba ouma amene anathotholedwa sabata yapitayo, ndipo udzu unali ukadali wogona pamene anthu a ambulansi anagwada. Bambo ake sanafe akukalipa. Anafa ali pakati pa ntchito, ndipo ntchitoyo inali isanathe.

Galimoto inaima kumbuyo kwake. A Odile anatsika ndi ndowa yothirira maluwa m'manja, Maëlle akuwatsatira.

"Kumanda si kuno, amayi," anatero Gaëtan osatembenuka.

"Ndikudziwa kumene ndinaika mwamuna wanga."

"Munkadziwa za mzerewu."

"Ndinkachapa malaya ake, ndingalephere kudziwa?"

"Bwanji sanangonena? Bwanji osaika chikwangwani, 'Tengani, n'zaulere'?"

"Bambo ako? Kuti anthu azimuthokoza?" A Odile anaseka pang'ono, n'kupukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. "Akanasamuka m'mudzi muno. Ankati mphesa yopatsidwa imakoma pang'ono, yakuba imakoma kwambiri, ndiye asawalande anthu kukomako. Madzulo ankabwera n'kumandiuza, 'Odile, lero mbalame zadya bwino, ina inali ya ku Holland.'"

Maëlle anayang'ana mzerewo. Nayenso sankadziwa. Anali atabapo mphesa pamzerewo kangapo, akuthawa ndi mtima uli m'mwamba, ndipo bambo ake anamutchulapo nyani wovala zothina osamuzindikira chifukwa cha chisoti ndi magalasi. Kapena anamuzindikira.

"Ndiye tcheni chija, achimwene?" anafunsa pomaliza.

Gaëtan anavula chikwama n'kuchiponya kumbuyo kwa galimoto. Chinagwa ndi phokoso.

"Kalatayo ili kuti?"

"Patebulo, pamene unaisiya."

"Ndisaina masana. Tenga njinga yakoyi, yandipweteka kokhalira."

Pamwamba pa chitunda panatulukira anthu atatu, malaya awo owala ngati maswiti, akutsika ndi fumbi lawo. Atafika pamzerewo anachepetsa liwiro. Wotsogola, mayi wa imvi, anatambasula dzanja, kenako anaona anthu ovala zakuda ataima m'mbali mwa njira, n'kulibweza msanga mwamanyazi. Onse atatu anadutsa, manja ali paziwongolero.

Gaëtan anawayang'ana mpaka anakhota kumtsinje. Anafuna kukuwa "Akuba inu!" ngati bambo ake, koma sanatero. Mawuwo anali asanakhale ake.

"Atiopa," anatero a Odile. "Tiye, Maëlle, tikuthamangitsa mbalame."

Galimoto itapita, Gaëtan anapinda manja a malaya. Anaima pa udzu wogona uja, n'kupeza tsinde lomaliza limene bambo ake analigwira. Anayamba lotsatira. Ankathothola masamba a mbali ya kunjira, mbali yolakwika, limodzilimodzi, ndipo phava lililonse likatulukira ankalitembenuza pang'ono ndi zala kuti liyang'ane kumene anthu amachokera.