Nsapato za Akamwini

Tsiku limene Amisiri ankatuluka m'chipatala, dokotala sanapite m'mbali. Anati dzanja lamanjalo likapanda kugwira ntchito liuma, ndipo likauma ndiye kuti lauma basi. Anawapatsa kampira kofewa koti azifinya m'mawa ndi madzulo. Amisiri, amene anasoka nsapato za anthu moyo wawo wonse kufikira sitiroko itawagwetsa pa benchi lawo, anakayang'ana kampirako ngati munthu amene watukwanidwa.

Mwana wawo wamkazi anawatengera kwake, m'nyumba yosanja, n'kuwapatsa chipinda cha zenera loyang'ana kumsewu. Bokosi la zida zawo analikweza pamwamba pa kabati. Ankawakonda bambo akewo, zimenezo palibe angatsutse, koma chikondi chake chinali chija chosalola munthu kunyamula ngakhale kapu. Akati atsegule zenera, iye wafika kale. Akati apinde bulangete, walilanda.

"Mwavutika mokwanira, bambo," ankatero. "Pumulani. Anthu angatiseke atamva kuti mukugwira ntchito m'nyumba ya mkamwini."

Ndiye anapumadi. Ankadzuka, kusamba, kukhala pampando, kudya, n'kukhalanso pampando pomwepo. Wailesi inkangolankhula yokha. Kampira kaja anakafinya masiku oyambirira okha, kenako anakasiya pawindo mpaka kanatuwa ndi fumbi. Mwana wawo akawadandaulira, ankayankha motsitsa mawu.

"Ndikakafinya chituluka n'chiyani? Munthu amafinya chinthu kuti chikhale chinthu."

Kunena zoona, sanali kumva ululu. Anangogwa mphwayi, ndipo tsiku linkawatalikira ngati msewu wopanda mthunzi. Zala zinayamba kupindikira m'kati. Pofika mwezi wachitatu, masiku ena sankaona chifukwa chodzukira, moti chakudya chinkawapeza ali chigonere, nkhope italoza kukhoma.

Mkamwini wawo anali kalaliki, munthu wofatsa, wa ulemu wochita kunyanya. Akamalankhula ndi apongozi akewo ankaima pakhomo, maso pansi. Nsapato yake yakumanzere inali itayamba kuyasama kutsogolo, koma kuipereka kwa apongozi kuti aisoke linali bodza. Ndani amanyamulitsa apongozi chinthu chopondera pansi? Ankangoimata ndi guluu, n'kumaibisa kuseri kwa chitseko.

Koma khutu la mmisiri silipuma pa ntchito. M'mawa uliwonse, mkamwini akamatsika masitepe, Amisiri ankamva phwa, phwa, phwa, ndipo phokosolo linkawabaya mumtima. Tsiku lina analephera kupirira, nalankhula ali pabedi pomwepo, osadziwa kuti chitseko n'chotsegula.

"Guluu yekha sagwira pamenepo. Pafunika ulusi."

Mkamwini anaima pa sitepe. Kenako anapita kuntchito. Madzulo ake anabwera ndi nkhope ya munthu amene walingalira tsiku lonse. M'mawa kutacha, nsapato zonse ziwiri zinali pakhomo pa chipinda cha Amisiri, bokosi la zida lili pambali pake. Mwiniwake ananyamuka atavala nsapato zakale zothamangira, buluku la suti lili pamwamba.

Mkazi wake atawona, anapsa mtima mpaka misozi. Anam'tsatira pamasitepe.

"Mwayamba kuwatuma bambo anga? Munthu wodwala? Ulemu wanu uja wapita kuti?"

"Ulemuwo ndi umene ukuwagoneka," anayankha mwamunayo mosakweza mawu. "Ngati ndalakwa, ndipepesa madzulo. Koma chonde usazichotse."

Sanazichotse, ngakhale manja ankamuyabwa. Amisiri anazipeza popita kukasamba. Anazilambalala ngati sanazione. Pobwerera anaima, n'kuitembenuza yakumanzere ija ndi phazi, napukusa mutu poona mmene guluu anaunjikanira. Kenako anaitola n'kutseka chitseko.

Ntchito imene kale ankaimaliza akucheza ndi makasitomala inawatengera pafupifupi sabata. Singano inkapulumuka m'zala. Ulusi unkakana kulowa. Anadzibaya kangapo, ndipo tsiku lina mwana wawo anamva bokosi lonse likugwa pansi, kenako kachetechete, kenako kulira kwa mwamuna wamkulu amene sakufuna kuti amveke. Anagwira chogwirira cha chitseko, mtima ukumuwawa kwambiri, koma sanatsegule. Patapita kanthawi anamva zida zikutoledwa chimodzichimodzi.

Nsapatoyo itatha, sinali yooneka bwino. Msoko unali wokhotakhota, pena wothina, pena wotayirira, ndipo ulusi unkaonekera patali. Mkamwini anailandira ndi manja awiri, anaipukuta, naivala kupita nayo ku ofesi. Anzake akuntchito anamuseka, ena mpaka kumufunsa ngati anasoka yekha mumdima. Iye anangoti, "Yagwira," n'kupitiriza ntchito yake.

Madzulo ake anapeza Amisiri atakhala pabalaza, malo amene anali atasiya kale kukhalapo. Maso awo sanali pankhope ya mkamwini koma kumapazi. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali, ndipo nkhope yawo inkaipiraipira.

"Mwayenda nayo m'tauni imeneyi?"

"Eya, bambo. Yandisunga bwino ndithu."

"Wina anafunsa amene wasoka?"

Mkamwini anazengereza. "Ndinati ndi apongozi anga."

"Vulani."

"Bambo, ilibe vuto, ine ndakhutira..."

"Ndati vulani, akamwini. Inu mwakhutira, ine ayi. Chiyambire sindinatulutsepo msoko wotere, ndipo sindiyamba lero chifukwa choti dzanja lachita mwano."

Anavula pomwepo, n'kutsala ndi masokosi. Amisiri anaipanira nsapatoyo pakati pa mawondo, anatenga kampeni ndi dzanja lodwala lomwe lija, nayamba kudula ulusi wonse umene anauvutikira pafupifupi sabata yathunthu. Zala zinkakana, iwo n'kumazikakamiza, akung'ung'udza ngati akukalipira mwana wosamva.

Mwana wawo anatuluka kukhitchini ndi mbale ya chakudya, naima chilili. Kuyambira tsiku la kuchipatala lija anali asanawaonepo bambo ake atakwiya, ndipo anadabwa kuti mkwiyowo ukumusangalatsa mpaka kumuliza. Anayandikira mwakachetechete.

"Bambo, idyani kaye, chingazizire."

Amisiri sanadzutse n'komwe mutu.

"Ika apo, mwanawe. Ndili pa ntchito."