Maso pa Mpira

Dzina lake linali Warrick Dunstan, koma dera lonse la Mallee linkangomutchula kuti Nkhwangwa. Pa zaka khumi ndi ziwiri zimene anasewera mpira wa kumeneko, uja wowakha ndi manja ndi kugundana matupi, mumzinda wa Melbourne, anathyola nsagwada za anthu asanu ndi awiri, yake osawerengera. Mawondo atatha, anabwerera kwawo ku Murrindale kukakhala kochi, ndipo phunziro lake linali limodzi lokha: "Maso pa mpira! Woyang'ana kumbali ndi nkhuku." Imvi zitamera, a wailesi ya m'deralo anamupatsa maikolofoni kuti aziulutsa masewero Loweruka lililonse. Munthu akagwetsedwa pabwalo, mkuluyo ankaseka mpaka kutsokomola, omvera n'kumamukonda ndi nkhanza zakezo. Anthufe, magazi akakhala a mwana wa mnzathu, timaonerera bwino.

Tsiku la fainolo Murrindale inakumana ndi Coolabin. Magalimoto a alimi anali atazungulira bwalo lonse moyang'ana kumpanda, mawailesi ali otsegula, eni ake akudya mapayi a nyama ndi kuliza mahutala chigoli chikalowa. Nambala naini wa Coolabin anali Callum, mwana yekhayo wa Warrick, amene anasamukira ku timu ya adaniyo pothawa pakamwa pa bambo ake. Chaka chimenecho anali atakomoka kale kawiri pabwalo. Dokotala anamuuza mosapsatira kuti mutuwo ukagundidwa kachitatu sudzabwereranso mwakale. Warrick ankazidziwa zimenezi, pakuti mpongozi wake, mkazi wa Callum, anamuimbira foni akulira.

Sanali masewero amenewo, inali nkhondo. Chigawo choyamba chisanathe, wina anali atalavula kale mano awiri m'matope. Zigongono zinkalowa m'nthiti, mawondo ankakwera pamisana, oyimbira n'kumangoyang'ana kwina. Koma Callum sankagwirika. Anagoletsa zigoli zisanu yekha, ndipo pakutha pa chigawo chachitatu mwa zigawo zinayi Coolabin inali patsogolo.

Lipenga lopumulira litalira, anthu analumpha mpanda monga mwa masiku onse, kukhamukira pabwalo kukamva makochi akukalipira anyamata awo. Warrick naye anatsika m'kachipinda kake koulutsira, n'kukaima pagulu la Murrindale. Kochi wa timuyo anali Royce Pettifer, munthu amene Warrick anamuumba ndi manja ake kuyambira ali kamwana.

"Nambala naini uja asamalize masewerowa ali chiimire!" Royce anakuwa, thovu lili kukamwa. Analoza chimphona china chometa mpala. "Iwe Kade, akamathamangira mpira wam'mwamba maso ali kumitambo, umudutse pakati. Phewa lilowe pansagwada." Atamuona Warrick anamwetulira. "Madala, ndanama? Si mmene munatiphunzitsira?"

Anthu anaseka, wina n'kumusisita Warrick pamsana.

"Royce, ameneyo ndi mwana wanga."

"Pabwalo palibe mwana wa munthu. Munkatero ndinu."

Chibakera cha Warrick chinatera pakamwa pa Royce chisanapemphe chilolezo kwa mwini wake. Mlomo unang'ambika, magazi n'kutsikira pajekete. Royce analavula, kenako anaseka mano ali psuu.

"Mwaona, anyamata? Nkhwangwa idakali yakuthwa! Chitani zomwezo!"

Anyamatawo anabangula ngati ng'ombe zanunkhiza magazi. Kalanga ine, mmalo mozimitsa moto, mkuluyo anali atauthira mafuta.

Anatsimphina kuwoloka bwalo kupita ku gulu la Coolabin. Anamupeza Callum akutsuka m'kamwa, bandeji ili pachipumi, ndipo anamukokera pambali.

"Tuluka, mwanawe. Akufuna mutu wako."

"Mwati chiyani, adadi?"

"Ndati tuluka. Uuze kochi wako kuti mwendo wakukana."

Callum analavula madzi aja. "Ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri ndinazinda mpira umodzi wokha. Munanditulutsa ndi khutu pabwalo lomwe lino, n'kunditchula nkhuku pamaso pa tauni yonse. Mwaiwala?"

"Ndinalakwa."

"Mwachedwa nazo. Kwerani kumtunda kwanuko mukaulutse."

Warrick anakwera masitepe kubwerera m'kachipinda kake. Mantha sankawadziwa moyo wake wonse, koma tsiku limenelo anawadziwa. Ankatchula maina a osewera, koma maso ake anali pa anthu awiri basi, nambala naini ndi chimphona cha mpala chija.

Kutatsala mphindi zochepa, mpira unamenyedwa kutali m'mwamba, ukupita kugolo la Murrindale. Callum anauthamangira mbali yomwe unkalowera, khosi atalipinda, maso ali kumwamba. Kutsogolo kwake Kade anali akubwera ndi liwiro lonse, phewa atalitsitsa. Mpirawo sankauyang'ana n'komwe.

"Callum, usiye!" Warrick anakuwa m'maikolofoni. "Usiye umenewo! Zinda, mwana wanga, zinda!"

Mawuwo anatulukira m'mawailesi a magalimoto onse ozungulira bwalo nthawi imodzi. Tauni yonse inamumva Nkhwangwa akuuza munthu kuti azinde. Callum nayenso ayenera kuti anamva, koma sanacheuke.

Kunamveka kuti khu! Miyendo ya Callum inapita m'mwamba, nkhongo n'kumenya pansi. Anagona chagada osagwedezeka, mpira ataufumbata pachifuwa. Oyimbira analiza wenzulo kuvomereza kuti wauwakha, mpira ndi wake, ndipo ena opusa anayamba kuliza mahutala.

Pamenepo bwalo linasanduka chipwirikiti. Osewera a Coolabin anamuunjikira Kade, kumupondaponda ndi nsapato za misomali. Oonerera analumpha mpanda, zitini za mowa zikuuluka, alimi oyandikana minda akuswana mphuno. Warrick anadutsa pakati pa zonsezo. Chigongono cha wina chinamung'amba pachikope, koma sanachimve. Anakagwada m'matope pambali pa mwana wake.

Patapita nthawi Callum anatsegula maso. Kamzere ka magazi kankatsika kuchokera m'khutu.

"Adadi, ndauwakha?"

"Wauwakha, mwanangu."

"Sindinayang'ane kumbali. Mwaona?"

"Ndaona," Warrick anayankha, misozi ikusakanikirana ndi magazi patsaya.

Anthu anamuika Callum pamachira, Warrick akuyenda pambali atamugwira dzanja. Asanafike pampanda, Callum anafunsanso ngati wauwakha, bambo ake n'kumuyankha. Pageti anafunsanso kachitatu. Atafika pa ambulansi, anatembenuza mutu pang'onopang'ono, n'kumuyang'ana mkulu wamagazi kumaso amene anamugwira dzanjayo. Anamuyang'ana mwaulemu, mmene munthu amayang'anira mlendo.

"Pepani achikulire," anatero, "munaonerako masewerowa? Ndauwakha?"