Disiki ya pa Geti

Joy anasowa pa nthawi ya phala. Amayi olera ana pa esiteti anati anangotembenuka kukatsuka makapu, pobwera mwana palibe. Fainess, mayi wa mwanayo, anasiya dengu la tiyi pakati pa mzere, nathamanga mpaka ku ofesi ya pa geti. Pamenepo pali kamera yoyang'ana mphambano: msewu wina wopita ku Boma, wina wotsikira ku Khonjeni.

Mumtima ankadziwa kuti ndi Ronnie, bambo wa mwanayo, amene abale a Fainess anamupitikitsa pa chikamwini chaka chatha. Koma walowera kuti? Mlongo wake wa Ronnie amakhala ku Limbe, amalume ake kuseri kwa Khonjeni, kufupi ndi malire. Mlongo wa Fainess, a Douglas, anali panja pa njinga yamoto, kudikira kuti auzidwe njira.

Limbikani, wokonza makompyuta, anali atatsegula kale bokosi losunga zithunzi za kamerayo. Mkatimo munkamveka tcha, tcha, kenako zii.

"Achimwene, ingondionetsani za m'ma naini."

"Ndi pomwe pavuta, mayi a Joy. Disikiyi yadyeka ndi chinyontho cha chiperoni. Makinawa akafika pamalo owonongekawo amafunsa, disiki siyankha. Amadikira, amafunsanso. Akatopa amaizimitsa n'kuidzutsanso, ngati mmene mumagwedezera munthu wokomoka."

"Ndiye igwedezenitu!"

"Akugwedeza okha. Koma akalephera kangapo amaitaya, amati kulibe disiki. Tiisiye ichite pang'onopang'ono."

A Gideoni, mlonda wa pa geti, amene pa nthawi imene mwanayo ankasowa anali ataperekeza thirakitala ku sikelo, anasuzumira pa zenera. "Bokosi limenelo ndi mlonda mnzanga. Limagona pa ntchito, koma ilo salichotsa." Palibe anaseka, ndipo anabweza mutu.

Zithunzi zinayamba kutuluka modukizaduka. Nkhungu. Thirakitala ikudutsa. Amayi awiri atasenza nkhuni. Kenako m'mphepete mwa sikirini munatulukira tayala lakutsogolo la njinga, ndi kamwendo kolendewera pa chitsulo, katavala kajombo kofiira.

Chithunzi chinauma pomwepo.

"Ndi iyeyo! Pititsani!"

"Yayamba kudzutsidwanso. Ndikatenge chingwe china mu stolo, tikope zimenezi zisanathawe. Musakhudze kanthu, chonde."

Fainess anatsala yekha. Anayang'anitsitsa tayalalo kuti mwina aone komwe lapendekera, koma linali chiimire. Kamwendo kaja kanali ndi chipsera cha phala la sabata yatha. Sanam'veke juzi lero. Ngati ndi ku Boma, pano akukwera minibasi. Ngati ndi ku Khonjeni, dzuwa likamapendeka adzakhala ataoloka malire. Panja a Douglas analiza hutala, naliza kachiwiri.

Bokosi lija linali chete. Osalira n'komwe. Foni yake ikauma chonchi amangochotsa batire n'kubwezera, basi imadzuka, aliyense amatero. Anayang'ana kukhomo. Anawerama, nazula pulagi kukhoma, naibwezera msanga.

Nyali yobiriwira inayaka. Fani inazungulira. Pa sikirini panabwera mdima ndi mawu ochepa oyera.

Limbikani analowa chingwe chili m'manja, naima.

"Mwatani?"

"Inauma, achimwene. Ndimati ndiithandize."

"Siinaume. Inali pakati podzuka." Sanakalipe. Anagwada, nagunditsa khutu pa bokosilo, nazimitsa, nayatsanso. Anasintha chingwe. Anagwira disikiyo ndi chikhatho kuti amve ngati ikunjenjemera. "Makinawa akuti kulibe disiki."

"Ayeserenso."

"Ayesa chiyani, mayi? Sakuionanso."

Fainess anatuluka. Nkhungu inali itakwera, tiyi yense ali mbee mpaka kuphiri, anzake akuthyola ngati palibe chachitika. A Douglas anaponda njinga.

"Waona? Tilowere kuti?"

Fainess anayang'ana fumbi la pa mphambano. Zidindo za matayala a njinga zinali mbali zonse ziwiri, zina pamwamba pa zina.

"Fainess, nthawi ikutha. Kuti?"

"Ku Khonjeni," anatero, nakwera. Atangokhota, anayamba kucheukira msewu wa ku Boma.