Makaroti Opindika

Mwana wanga anayamba kuopa nyumba yathu mwezi womwe tinasamukiramo. Ndi mtsikana wa zaka zisanu, wolongolola ngati wailesi, wosakhazikika pansi. Masana ankasewera pabwalo mpaka miyendo kuchita mbuu. Koma dzuwa likangolowa, ankangoti zii. Ndinkamupeza atakhala pakona m'chipinda chochezera, msana atatsamira khoma, maso ali tong'o osaphethira.

Tsiku lina madzulo ndinamuikira mbale ya mpunga patsogolo. Dzanja lake linadutsa pambali pa mbaleyo n'kumapapasa simenti. Ine ndi mtima wanga wapachalawu, ndinamukalipira kuti asiye kuseweretsa chakudya. Iye anatembenukira komwe kunkachokera mawu anga, koma maso ake anandiphonya. Ankayang'ana pamwamba pa phewa langa.

"Amayi, amene waima kumbuyo kwanuyo ndani?"

Ndinacheuka, ndipo kunalibe munthu. Ndinamunyamula n'kukakhala naye panja mpaka bambo ake atabwera.

Nyumbayo inali ya lendi, yakumapeto kwa mdadada, ndipo kanjira kopita kuchipinda chogona kanalibe zenera. Magetsi ankakonda kuzima chisisira chikamagwa. Anthu oyandikana nafe anali atatiuza kale kuti amene ankakhalamo poyamba anali bambo wina wokalamba, telala, ndipo anamwalirira momwemo yekhayekha. Anamupeza patapita masiku awiri atawerama pa makina ake osokera. Pasimenti panali padakali timadontho tinayi ta dzimbiri pomwe panaima miyendo ya makinawo. Ndinakolopa ndi sopo, ndinapala ndi mwala, koma sitinachoke. Pakona pomwepo m'pamene mwana wanga ankakonda kukhala.

Apongozi anga, omwe tinkakhala nawo, sanafune kumva zambiri. Anati telalayo sanatuluke m'nyumbamo, ndipo ana ndiwo amaona zomwe akulu sitiona. Anaitana anthu a mapemphero, anayimba Loweruka lonse mpaka mawu kusasa. Tsiku lotsatira mwana anaima pakhomo la kanjira kaja, anatambasula manja kutsogolo ngati akukankha chinthu, n'kukana kulowa. Anati muli mdima wokhawokha, ndipo mdimawo ukuyenda.

Mwamuna wanga, yemwe amayendetsa lole, ankangoseka kuti ife akazi tikamva chitseko chikulira timati ndi mzimu. Kuseka kunatha Lachinayi lina, dzuwa litangolowa. Mwana ankatsika masitepe atatu a pakhonde, masitepe omwe masana ankawadumpha onse kamodzi. Anaponda m'malere n'kugwa chafufumimba, chibwano n'kung'ambika. Bambo ake atamutola, magazi ali chuchuchu pamalaya, iye sanalire kwambiri. Anangonena motsitsa kuti munthu wina wachotsa masitepe. Apongozi anayamba kumanga zovala zawo m'nsalu, akuti mawa lomwe tisamuke.

M'mawa mwake ndinapempha kuntchito kuti ndichedwe, n'kupita naye kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu chifukwa cha chibwanocho. Anesi anali mayi wonenepa, wa imvi zochepa, wosafulumira pa chilichonse. Atatsuka bala ndi kulimanga, anafunsa kuti mwana anagwa bwanji komanso nthawi yanji. Ndinazengereza, koma kenako ndinafotokoza zonse, za telala ndi za munthu woima kumbuyo. Ndinkayembekeza kuti andiseka, koma sanandiseke.

Anadzuka, anatseka chitseko, anakoka makatani ochindikala n'kuzimitsa getsi. M'chipindamo munatsala kuwala kochepa ngati kwa chisisira. Ine ndinkaona zonse, tebulo, sikelo, kabati ya mankhwala. Anesi anaika makiyi awo patebulo mosachita phokoso n'kuuza mwana kuti awatole. Pomwepo mwana wanga anasintha pamaso panga. Mapewa anagwa, maso anatong'oka, manja anayamba kupapasa m'malere. Anadutsa makiyiwo kawiri osawakhudza. Kenako analoza anesi omwe anaima chapatali mu yunifomu yawo yoyera.

"Amayi, wabweranso uja," ananong'ona.

Ndinalira, chifukwa apa panalibe telala, panalibe madontho a dzimbiri, komabe chinthucho chinali chitatitsatira. Anesi anayatsa getsi, anatenga tochi n'kundiitana kuti ndione diso lakumanzere la mwana. Pambali pa kadiso kakuda, pamalo oyera, panali kachinthu kotuwa ngati thovu la sopo louma. Ndinali ndisanakaonepo, chonsecho nkhope imeneyi ndimaisambitsa tsiku lililonse.

Anandifunsa ngati mwana anadwalapo posachedwa. Ndinati anadwala chikuku tisanasamuke. Anafunsa zomwe amadya. Ndinayankha monyadira ndithu kuti kwathu sagona ndi njala, m'mawa buledi ndi tiyi, masana mpunga, madzulo mpunga ndi supu wa m'kapaketi.

"Mayi, m'nyumba mwanu mulibe mzimu," anatero anesi. "Mwanayu kukayamba mdima saona. Thupi lake lasowa vitamini A. Chikuku chinamaliza yemwe analipo, ndipo chakudya chomwe akudya sichikubwezeretsa. Maso akamaona pang'ono, jekete lopachika pamsomali limaoneka ngati munthu. Pano tikhoza kumuchiza. Mukanachedwa, diso likanauma, likanachita chilonda, ndipo khungu limenelo silichizika."

Ndinakumbukira kuti kuseri kwa chitseko chathu kumakhala jekete lamvula la bambo ake. Tikanasamuka monga ankafunira apongozi, tikanangonyamula matendawo n'kukawadikirira kunyumba ina mpaka mwana kuchita khungu.

Anesi anadula kapisozi kakang'ono n'kumufinyira mwana m'kamwa. Anati tibwerenso mawa, kenako pakatha masabata awiri, ndipo anandichenjeza kuti mankhwalawa sagulidwa mwachisawawa, amaperekedwa ndi achipatala chifukwa akachuluka amavulaza. Koma anati kapisozi ndi wozimitsira moto chabe, chotchinjiriza chenicheni chili m'mbale: makaroti, maungu, mbatata yofiira m'kati, masamba obiriwira kwambiri, mango, mapapaya, komanso dzira kapena chiwindi zikapezeka. Akulemba pakhadi, anafunsa komwe ndimagwira ntchito, kuti aone ngati ndiwo zamasamba ndingamazipeze mosavuta.

Ndinayang'ana pansi. Ndimagwira ntchito pafakitale yolongedza ndiwo zamasamba zopita kunja pandege. Tsiku lonse ndimaima pa lamba woyenda, m'chipinda chozizira, makaroti, sipinachi ndi maungu zikudutsa m'manja mwanga. Karoti wowongoka amalowa m'katoni, wopindika kapena wamiyendo iwiri timamuponya mumgolo wabuluu. Akapitawo sakaniza kutenga za mumgolomo, koma pakati pa ife amayi a pa lamba pali lamulo lathu losalembedwa. Wotola mumgolo timamutcha mbuzi, ndipo akamadutsa pageti timamulirira kuti mee. Ineyo ndinali katswiri wolira. Komanso munthu ukakhala tsiku lonse ukununkhiza masamba, ukafika kunyumba sufunanso kuwaona.

Nditawafotokozera zonsezi, anesi anaika cholembera pansi n'kundiyang'ana. Sanandikalipire, ndipo bola akanandikalipira.

Kenako anati kumayiko komwe makatoni athu amapita, anthu amaphika mosiyanasiyana. Ena amakazinga mwachangu pamoto waukulu, ena amapanga supu, ena amangopala karoti n'kudya wosaphika. Koma mfundo ndi imodzi kulikonse: kutsuka bwino musanadule, kusaphika mpaka masamba atuwe, ndi kuthira timafuta pang'ono, chifukwa vitamini ameneyu salowa bwino m'thupi popanda mafuta. Anawonjezera kuti maso a mwana sadziwa ngati karoti anali wowongoka kapena wopindika.

Madzulo a tsiku lomwelo nditaweruka, ndinaima pa mgolo wabuluu ndi thumba langa. Manyazi anandigwira, sindinama. Ndinasankha makaroti, theka la dzungu lomwe linang'aluka, ndi sipinachi wothyoka mapesi. Ndisanafike pageti, mnzanga wa pa lamba, yemwe timamutcha Achimwemwe-a-pakamwa chifukwa cha kuseka kwake, anayambitsa kuti mee, ena n'kumuthandiza. Ndinatembenuka n'kuwauza kuti alire mpaka madzulo, ine mwana wanga watsala pang'ono kuchita khungu ndi mpunga woyera. Ndinatuluka pageti thumba lili pamutu.

Kunyumba nkhondo inali ina. Apongozi anati sanamvepo kuti mzimu n'kuthawa dzungu, ndipo mtolo wawo wa zovala sanaumasule. Mwana naye analavula karoti woyamba, akuti akukoma ngati sopo. Ndiye ndinayamba kumupala bwinobwino n'kumukazinga pang'ono ndi anyezi, n'kusakaniza mumpunga. Dzungu ndinkaliphika n'kulipota ndi timafuta. Sipinachi ndinkamudula tizidutswa, n'kumuphula akadali wobiriwira. Bambo ake ankadya mokokomeza, akumenyetsa milomo, mpaka mwana anachita nsanje n'kuyamba kulanda za m'mbale mwawo. Kuchipatala tinapita masiku onse omwe anatiuza.

Patapita masabata awiri ndi masiku angapo, magetsi anazimanso dzuwa litangolowa. Apongozi anali pakhonde akumalizitsa kusoka batani la malaya a mwana wawo, ndipo singano inawapulumuka. Anapapasa pansalu, anapapasa pansi, akung'ung'udza kuti wina aiponda. Ine ndinadzuka kukafuna machesi. Ndisanafike pakhomo, mwana anatsika pa mpando, anayenda molunjika mpaka pa sitepe yachiwiri, anawerama n'kutola.

"Agogo, nayi singano yanu."

Apongozi anailandira. Anamuyang'ana mdzukulu wawo, anayang'ana mdima womwe unali utayamba kukuta bwalo, kenako analowa m'nyumba. Ndinawamva akumasula mtolo wawo n'kumabwezera zovala m'kabati. M'mawa mwake anandifunsa kuti dzungu lija ndimathira mafuta ochuluka bwanji.

Anesi atamuyezanso mwana patatha mwezi, anati diso lapulumuka ndipo kanthu kotuwa kaja kakuchepa. Ndinawathokoza mpaka anandiuza kuti basi, kunja kuli mzere wa odwala.

Lolemba lotsatira ndili pa mgolo, ndinamva munthu ataima pambali panga. Anali Achimwemwe-a-pakamwa, koma tsikuli sankaseka. Anayang'ana uku ndi uku, n'kundinong'oneza kuti mwana wawo wazaka zitatu wayamba kugunda mipando madzulo, ndipo amuna awo akuti walodzedwa.

"Musadikire mawa, anzanga," ndinatero. "Pitani naye kuchipatala lero lomwe akamuone maso. Mwana akamalephera kuona kukayamba mdima, kawirikawiri ndi chakudya chomwe chikuperewera, ndipo zimachizika mukafulumira. Kukhuta kokha sikokwanira. Tsiku lililonse m'mbale mwake muzikhala masamba obiriwira kapena chinthu chofiirira ngati karoti ndi dzungu, chophikidwa ndi timafuta pang'ono."

Anavula epuloni yawo n'kuitambasula ndi manja awiri. Ndinawathiramo makaroti mpaka inalemera, ndipo anathamangira kwa akapitawo kukapempha kuti aweruke msanga.